Pemphero Langa ndi Msoti wa Chinkhoswe

Ambuye alemekezeke, abale anga, poti lero nkhani iyi ndikuilemba ndikuseka. Tsiku limene inachitika ine sindinaseke ngakhale pang'ono. Anaseka ndi ena, kuyambira kwathu kuno kumtunda kwa Nzama mpaka kuchigwa ku Sharpevale, ndipo ndikumva kuti ena akusekabe m'mafoni mwawo. Ngati munaona kanema wa mayi wina wojintcha akudula bwalo la mpira ndi liwiro la mtondo wadooka, nsapato imodzi kuphazi, musavutike kufunsa kuti anali yani. Ndinali ine ndemwe. Bola muimve kwa mwini wake.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli phiri, ndipo paphiripo pali muwanga waukulu umene owotcha makala anali asanaufike. Pamwamba pa mtengowo pali chisa cha chiwombankhanga, chimbalame chachikulu chija cha pachifuwa poyera pamathothomathotho. Ife kuyambira kale tinkachidziwa ngati mbala basi. Chikangooneka m'mwamba amayi tinkakuwa, nkhuku n'kuthawira pansi pa nkhokwe, abambo n'kuyamba kufunsana kuti legeni ili kuti.

Ndiye kunabwera a Mbewe, mlangizi wa bungwe lina loteteza mbalame (dzina la bungwelo ndilisunge, anthuwa anandichitira zabwino, chitenje ndi tisheti ndikuvalabe). Anatisonkhanitsa pasukulu n'kutiuza kuti ziwombankhanga zikutha m'dziko muno: mitengo yomangapo zisa tikuiwotcha makala, zina tikuzitchera ndi poizoni. Anati chakudya chake chenicheni ndi tinyama ta m'phiri, nkhuku chimangotola ikadzipereka yokha pambalambanda. Zonsezo ndinazimva ndi khutu limodzi. Koma atanena kuti chimaikira dzira limodzi lokha, ndipo likalephera chimadikira nthawi yaitali kuti chiyesenso, ine ntchembere zinandilowa mumtima. Mwana mmodzi yekha! Ndinamva ngati akunena za mnzanga amene tinkakhala naye pamzere wa kusikelo.

Potseka msonkhano anafunsa woti apemphere. Anthu onse anatembenukira kwa ine monga mwa masiku onse. Nditangoti ameni, a Mbewe anati, "Wapampando tamupeza." (Kwathu kuno ukadziwika ndi pemphero, udindo sukuphonya. Ndili kale mu komiti ya mjigo, ya phala la ana ndi ya maliro.)

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Kuchigayo ndinkalalikira chiwombankhanga, kumjigo chiwombankhanga, kumphakati tikamaliza korona, chiwombankhanga. Ena ankandimvera, ena ankasintha njira akandiona. Anangozo, mnansi wanga wa pakamwa posatseka, sanasinthe njira. Anandidikirira.

"Amake Agnesi, ndamva mwasanduka abusa a mbalame."

"Ndi cholengedwa cha Mulungu, Anangozo."

"Nayenso fisi ndi cholengedwa cha Mulungu. Komiti yake muyamba liti? Chikadzanyamula yanu mudzabwere mudzandiuze za dzira limodzi."

Ndinawakhululukira pomwepo, n'kuwapempherera tsiku lomwelo.

Tsopano ndikuuzeni za msoti. Mwana wanga woyamba, Agnesi, anapeza mwamuna, Yohane, mwana waulemu wa alimi a mpunga a ku Sharpevale. Mukudziwa kuti pa chinkhoswe ankhoswe a kuchimuna amapereka tambala, a kuchikazi n'kubweza msoti, anthu onse akuona. Popanda zimenezo ndiye kuti mwangosonkhana kudzamwa thobwa. Ine msoti wa Agnesi ndinaulera uli kamwanapiye. Woyera mbee, wa miyendo yachikasu, woyenda modzimva ngati ukudziwa kuti ukupita ku ukwati. Madeya abwino anali ake, chiswe ndinkakaufukulira ndekha, ndipo unkagona kukhitchini m'dengu. Bambo a Agnesi ankadandaula kuti iwo sanasamalidwepo chotero chiyambire banja lathu.

Chinkhoswe tinachiika Loweruka lina titatha kukumba kachewere. Bungwe nalo, posadziwa, linaika Lachisanu lake kukhala tsiku lalikulu lodziwitsa anthu za chiwombankhanga. Kudzabwera mabwana ochokera ku Lilongwe, ojambula, zimkuzamawu, matenti, zonse.

Mabwana a m'tauni akabwera kumudzi safuna nkhuku zachizungu za m'sitolo, amati zinawakola. Amafuna yalokolo. Choncho Lachinayi galimoto ya bungwe inayenda khomo ndi khomo kugula nkhuku, ndipo anthu anagulitsa mosangalala chifukwa palibe amene ankanenerera mtengo. Matambala, mathadzi, misoti, zonse zinapita: zina za nkhomaliro, zina zoti alendo akanyamule pobwerera kuti kunyumba akadziwe kuti anali kumudzi. (Ndikulithokoza kwambiri bungwe lathu, koma ndinene chilungamo pamaso pa Mulungu: nkhuku zimene zinaphedwa pofuna kutiphunzitsa kuti chiwombankhanga sichitha nkhuku, chiwombankhangacho sichikanazitha ngakhale chikanakhala ndi moyo mpaka kumera imvi.) Wanga wokha ndinaukaniza.

Panalinso sewero. A Mbewe anamanga khola lachitsanzo la nsungwi ndi waya, ndipo sewerolo linali loti chiwombankhanga chiyese kugwira nkhuku ili panja, ife tiilowetse msanga m'khola, chilephere, anthu aombe m'manja. Wosewera ngati chiwombankhanga anasankhidwa bambo a Agnesi, chifukwa cha mphuno. Mapiko tinawasokera a matumba a feteleza, mlomo wa katoni. Masiku onse ankayeserera kudumpha pachulu kuseri kwa nyumba, mpaka agalu athu anasiya kuwazindikira.

Lachisanu m'mawa ndikumanga duku, a Mbewe anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Mayi wapampando, tapalamula. Ophika apha zonse, ndi ya sewero yomwe."

"Nanga mutani?"

"Ndamva kuti kuno kwatsala imodzi."

Agnesi anali pakhonde akumangitsa tsitsi kwa mnzake. Anadzuka tsitsi lili theka.

"Amayi, musayerekeze. Chinkhoswe ndi mawa lomweli."

"Mwana wanga, ndi kanthawi kochepa. Ndiponso chiwombankhanga chake ndi bambo ako. Bambo ako unawaonapo atagwira nkhuku? Ngakhale ya Khirisimasi timawagwirira ndife."

"Ine ndanena."

"Wothandiza mnzake Mulungu samutaya," ndinatero, n'kuupanira msoti kukhwapa.

Kubwalo poyamba tinaumangirira pafupi ndi tenti. Koma unachita zimene nkhuku imachita, pa kapeti yofiira ya alendo, ndiye wojambula wina wa kabudula wa matumba ambiri anati tikaumangirire kutali, cha kugolo, poti pamenepo uoneka bwino phiri lili kumbuyo. Chikhomo ndinakhoma ndekha, mwendo n'kumanga ndi luzi. Tangoganizani: nkhuku yoyera mbee, yonona, yokhayokha pabwalo lopanda ndi chitsamba chomwe, moyang'anizana ndi phiri. Kunangosowa mchere ndi tomato.

Alendo anati afika m'mawa, anafika dzuwa lili paliwombo. Nthawi yonseyo msoti unali pomwepo. Amayi a nsindo anavina mpaka mawu kusasa. Ana a sukulu ananena ndakatulo yawo kwa mipando yopanda anthu. Bambo a Agnesi anabisala kuseri kwa kalasi atavala mapiko, akupsa ngati chimanga chootcha, poti anauzidwa kuti asaoneke sewero lisanayambe. Magalimoto atafika, fumbi litatsika, mabwana atakhala ndi mabotolo awo a madzi, woyendetsa mwambo anati, "Tiyambe ndi pemphero. Mayi wapampando."

Anandipatsa chimkuzamawu cha m'manja chopanda chingwe. Abale, ine pemphero lalifupi sindilidziwa, ndipo kumva mawu anga akubwerera kuchokera kuphiri kunandipatsa mphamvu zina. Bwalo lonse linangoti zii, mitu pansi, maso otseka, ngakhale ana. Ndinathokoza chifukwa cha mabwana, madalaivala awo, ophika, amene anamanga tenti, ndi a kunja amene sitiwadziwa koma amatikumbukira. Ndinapempherera mvula, mtengo wa feteleza ndi odwala a m'chipatala. Kenako ndinafika pa mwini tsiku.

"Atate wachifundo," ndinatero, "inu amene simuiwala cholengedwa chanu chilichonse, kumbukirani chiwombankhanga chathu. Ife anthu tachilanda mitengo, tachilanda nyama za m'tchire. Chili ndi mwana paphiripo. Musachigoneke ndi njala. Chipatseni chakudya chake lero lomwe lino, Ambuye, chakudya chabwino, chonona, adani ake akuona."

Ndisanakoke mpweya ndinamva mphepo, phuu, ngati munthu akukung'untha mphasa, kenako kulira kumodzi kokha, kweee. Mumtima ndinati bambo awa ayamba sewero pemphero lisanathe, tikakambirana kunyumba. Ndinafinya maso kwambiri n'kukweza mawu: "Ngakhale woipayo atisokoneze, ife sitisiya!"

Apo ndi pamene mawu a Anangozo anamveka bwalo lonse, opanda chimkuzamawu.

"Amake Agnesi, tsegulani maso! Layankhidwa!"

Nditatsegula, pachikhomo panali kaluzi ndi nthenga zikuuluka. M'mwamba, chimbalame cha mapiko otambalala ngati zitseko za tchalitchi chinali kukwera pang'onopang'ono, mosajijirika, msoti wanga ukulendewera kumapazi kwake.

Zimene ndinachita ndinaziona bwino pambuyo pake pa foni, chifukwa panthawiyo mutu sunali wanga. Ameni sindinanene. Ndinaliyatsa liwiro kulunjika kuphiri, nditavala chitenje cholembedwa kuti tisaphe chiwombankhanga, tisheti ya chithunzi chake pachifuwa, chimkuzamawu chili m'manja, chosazimitsa. Ndiye midzi yonse yozungulira inamva wapampando wa komiti akukuwa kuti:

"Legeni! Abambo inu, legeni! Chipheni! Chimbava chopanda manyazi, chodya za pa ukwati! Gwetsani mtengowo, makala ake ndigula ine!"

(Ambuye anandikhululukira, ndinakalapa Lamulungu lotsatira. Ansembe anakhosomola nthawi yaitali kuseri kwa nsalu, sindikudziwa ngati chinalidi chifuwa.)

Ndinavula nsapato n'kuiponya m'mwamba ndi mphamvu zanga zonse. Koma mkono wanga unazolowera musi, sudziwa kulasa. Nsapato inathawira kumbuyo n'kukagwera m'beseni la mpunga wa alendo. Bambo a Agnesi atamva mawu anga anatuluka kuseri kwa kalasi kudzandigwira, osavula mapiko. Agalu ataona chinthu cha mlomo wa katoni chikuthamangitsa mayi, anagwira ntchito yawo. Ndiye mukanemamo muli mzere: kutsogolo chiwombankhanga chenicheni, kenako ine, kenako chiwombankhanga cha feteleza, kumapeto agalu. Tinakathera m'dimba la kabichi la aphunzitsi, chenichenicho chitasanduka kale kadontho pamwamba pa phiri.

Pobwerera ndinkayembekezera kuti andivula chitenje pomwepo. Koma ndinapeza mutenti muli chisangalalo ngati kwabadwa mwana. Mabwana akukumbatirana, wojambula uja akupsompsona kamera yake. Bwana wamkulu, mayi wa magalasi, anandigwira manja onse awiri.

"Mayi, mwatipulumutsa! A kunja amene amatithandiza anayamba kufunsa ngati mbalameyi ilipodi. Lero taijambula ili pa ntchito!"

"Koma bwana, unali msoti wa chinkhoswe cha mawa."

"Eya, eya, zokhudza kwambiri. Zimenezonso tikazilemba mu lipoti."

Anandiombera m'manja. Kenako anayamba zolankhula zawo, mmodzimmodzi, aliyense kutilimbikitsa kuti tizichikonda chiwombankhanga monga achitira mayi wapampandowa. Sewero linalephereka poti nkhuku panalibe, ndipo bambo a Agnesi anakhala pambali atang'ambika phiko limodzi, akudandaula kuti adumpha pachulu pachabe. Pomaliza anandipatsa mbale yodzaza ndi ntchafu za nkhuku za anansi anga. Ndinathokoza, poti chakudya sanyoza. Koma mbaleyo ndinangoiika pambali.

A Mbewe okha ndiwo anali ndi manyazi. Anakwera njinga yamoto kupita ku Lizulu kukafuna ina, koma msika unali utaphwasuka, ndipo anabwera ndi nkhuku yachizungu, yolemera mwakuti ikangosuntha pang'ono imakhala pansi n'kuyamba wefuwefu. Achimwene anga a Lazaro, amene anali ankhoswe athu, anangoiyang'ana kamodzi.

"Mlongo, iyi siikira, sifungatira, silera anapiye. Ndikaipereka kwa eni mwamuna ndiye kuti ndikunena chiyani za mwana wathu? Kapena ndikangopereka chitenje chanucho, poti nachonso chili ndi mbalame?"

Agnesi anamva zonsezo. Anangokhala pamtondo, tsitsi lomangidwa bwino lija, misozi ikutsika yokha. Bola akanandilalatira. Pamenepo ndi pamene ndinamva kulemera kwa chimene ndinachita: mwana wanga akayamba banja pakati pa anthu achilendo ndi mbiri yoti kwawo analephera ngakhale nkhuku. Ndinayenda mudzi wonse ndi wotsidya womwe dzuwa lisanalowe. Makola onse anali pululu, ndipo khomo lililonse yankho linali limodzi: "Zinapita ndi galimoto, mayi wapampando."

Ndikubwerera manja ali m'khosi, ndinapeza Anangozo atakhala pakhonde panga, kanthu kali kukhwapa.

"Abusa a mbalame, mwabwerako? Tandiuzeni za dzira limodzi lija."

"Nenani zonse, Anangozo, ndazipalamula ndekha."

"Zonena sizitha, ndiyamba mkuja. Lero tengani ichi. A bungwe anachikana, ati alendo angachite mantha."

Anali kansilanga, nkhuku ija ya nthenga zoyang'ana kumwamba ngati yatuluka kumene m'kamvuluvulu. Thadzi lokalamba, la khosi lowonda, loyang'ana munthu mwankhanza. Koma lolera: anapiye a makomo ambiri m'mudzi muno anachokera kwa ilo. Ndinawakumbatira Anangozo mpaka nkhuku inadandaula.

Loweruka anthu a ku Sharpevale anafika ndi matumba a mpunga ndi tambala wofiira woima ngati msilikali. Ndinaona msanga kuti kanema uja anali atatsogola: aliyense popereka moni ankayamba wayang'ana kumapazi kwanga. Nthawi yosinthana nkhuku itakwana, malume ake a Yohane, a Kamwendo, bambo wamfupi wa maso achibwana, anapereka tambala. A Lazaro anasolola kansilanga m'chitenje. Wina kumbuyo anaphulika ndi phwete.

A Kamwendo anaitembenuza uku ndi uku.

"Ankhoswe anzanga, iyi ndiye munailanditsa dzulo ija? Nkhondo inalipo ndithu."

Anthu anagwa nako kuseka. Ine nkhope ndinasowa poiika. Agnesi anaweramitsa mutu, ndipo ndinaona mapewa ake akunjenjemera. Koma a Lazaro anayankha mofatsa, osabisa kanthu: msoti weniweni unadyedwa dzulo paphiri, iyi ndi ya mnansi, ndipo ngati a kuchimuna akuona kuti tawachepetsa, anene pompano.

A Kamwendo anasisita nthenga zosasisitika zija.

"Kwathu kuchigwa," anatero, "amene wadya nkhuku ya chinkhoswe ndi nkhoswe basi, sangakanenso. Kaya kuno kumtunda?"

"N'chimodzimodzi," anayankha a Lazaro.

"Ndiye ukwati uno uli ndi ankhoswe atatu: inu, ine, ndi a paphiriwo. Iwo gawo lawo adya kale, asadzanene kuti sanamve." Anatembenukira kwa Yohane. "Iwe mphwanga, wamva? Ine ndi a Lazaro ukhoza kutinamiza. Koma ankhoswe achitatuwa amaona kuchokera kumitambo, ndipo liwiro la apongozi ako waliona wekha. Mwana wa eni akeyu ukamusunge bwino. Nkhukuyi tailandira ndi manja awiri."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo! Ndinayang'ana Agnesi. Mapewa ankanjenjemerabe, koma tsopano kunali kuseka, ndipo anandiyang'ana koyamba chichitikire ngoziyo. Ndinangoti "Zikomo Ambuye," basi, mawu awiri okha. Bambo a Agnesi anandigwira pamphumi kuona ngati ndatentha thupi.

Kuyambira tsiku limenelo m'mudzi muno palibe amene amati chiwombankhanga, onse amati ankhoswe a Agnesi. Akadutsa m'mwamba anthu amawapatsa moni. Owotcha makala atafika pa muwanga uja posachedwapa, anabwezedwa ndi Anangozo nkhwangwa zili paphewa, ati simungagwetse nyumba ya ankhoswe ukwati ukadali wauwisi. Bungwe likuti zimenezi ndi zipatso za tsiku lodziwitsa anthu lija, ndipo ine sinditsutsa, poti mwa njira ina ndi zoona. A Mbewe anandibwereka magalasi oonera patali, ndinakaona kamwana kaja m'chisa, konenepa bwino, ndipo ndinadziwa kumene kunachokera mafutawo. Mtima wa ntchembere ndi wopusa: ndinakakonda.

Udindo ndikadali nawo, palibe wina akuufuna. Nkhuku zimene ndayambanso kuweta zimakhala m'khola lotchinga pamwamba, ndipo ndimauza aliyense kuti amange lake. Kupempherera ankhoswe athu sindinasiye, ndipo sindidzasiya. Kungoti masiku ano ndikamawapempherera chakudya ndimatchula ndi ndiwo zake, kuti kumwamba kusakhale chisokonezo: mbira, Ambuye, mbira za m'matanthwe. Za nthenga ayi.